Chikwangwani Chachikasu cha a Kanyerere

Komiti Yoona za Ulemu wa Ziweto Paulendo idalengeza, pa wailesi ndiponso pa pepala lomwe adamata pakhomo la kophera nyama, kuti itakhala pansi ndi kusinkhasinkha mozama pa misonkhano ingapo ku Mponela, yamanga mfundo yakuti chikwangwani chikhale chachikasu. Mamembala ena ankafuna chobiriwira, poti ndiwo mtundu wa msipu, koma adagonja mwaulemu. Chikwangwanicho chidayenera kupachikidwa kutsogolo kwa galimoto iliyonse yonyamula ziweto, cholembedwa mawu awiri: MULI ZAMOYO. Komiti idalonjeza kuti galimoto ya chikwangwani chotere sidzachedwetsedwanso pamsewu, ndipo kuti cha kuno kwa Lumbadzi ikumanga Malo Opumira Ziweto, pomwe ng'ombe iliyonse yapaulendo idzapeza mthunzi, madzi ndi mtendere wa mumtima.

Mu Lilongwe monse, munthu amene adamvera chilengezocho adali mmodzi: Bambo Gilford Kanyerere a ku Kawale.

A Kanyerere ndi dalaivala wa lole yonyamula ng'ombe, komanso ndi mkulu wa mpingo, ndipo maudindo awiriwa adawaphunzitsa chinthu chimodzi: chilengezo chilichonse, kaya chikhale chopanda mutu chotani, chimafuna munthu mmodzi woti achimvere, apo ayi wolengezayo amachita manyazi. Adatenga chidutswa cha lata kupita nacho ku Mchesi kwa wolemba zikwangwani. Iye adalemba mawu awiri aja bwino lomwe, nawonjezerapo mwaulere chithunzi cha ng'ombe yomwe anthu ambiri adaiyamikira kuti ndi mbuzi yokongola. A Kanyerere adachimanga ndi waya pamwamba pa galasi lakutsogolo, nabwerera m'mbuyo kuti achione bwino, manja ali m'chiuno.

Anthu akhala akuwafunsa chomwe munthu wa laisensi yoyendetsera ngakhale thiraki ya matayala osawerengeka adasankhira kukhalira kununkha ndowe. Funsoli saliopa, amachita kulikonda. Adabadwira cha ku Nambuma, komwe adadziwa nkhope za ng'ombe asanadziwe zilembo, koma chifukwa chimenecho sachiwerengera, poti amati kubusa aliyense adabusako ndipo ambiri adathawa. Chifukwa chawo n'chakuti adayendetsapo simenti, feteleza ndi fodya, ndipo adamuona khalidwe katundu yense ameneyo.

"Simenti safa," amatero, chala chili m'mwamba ngati pa guwa. "Ndiye poti safa, aliyense akhoza kukusunga. Pageti akusunga, pasikelo akusunga, mwini katundu wapita kumaliro, iwe dikira. Ine ndinagonapo pamzere wa fodya mpaka mwana kunyumba anayamba kundiitana kuti ankolo. Koma ng'ombe imafa. Katundu woti akhoza kufa aliyense amamuthamangira. Pamsewu amangosuzumira, kuona chiphaso cha dokotala wa ziweto, mphuno atagwira, n'kuti pitani madala. Wopempha matola palibe. Katundu amakwera ndi miyendo yake, amatsika ndi miyendo yake, ndipo ine ndimagona kwanga."

Pali chifukwa china chomwe amachitchula atatsitsa mawu, ngati ndi nkhani ya m'banja. Katundu wawo amayankha. Ukaponda buleki mwaukali, simenti sakuuza kanthu. Ng'ombe zimakuuza nthawi yomweyo, ndi ziboda pa thabwa ndi nyanga pa chitsulo. A Kanyerere amayendetsa ngati mayi wosenza beseni lodzaza madzi, ndipo akamva bodi yonse ili zii kumbuyoko, ng'ombe zikubzikula pa phiri, amati palibe bwana adawayamikirapo momveka chotero.

Mayi Jenifer, akazi awo, amamva zonsezi monga munthu amvera ulaliki womwe adaumva kale Sabata latha. Yunifolomu yawo yoyera ya Chigwirizano amaisunga m'majumbo awiri kuti isatenge fungo la ntchito ya amuna awo. Ali ndi mchimwene wawo, Misheck, yemwe amayendetsa thiraki ya ku Beira, ndipo akabwera amatsika ndi zigubu za mafuta ophikira, zitenje ndi fungo la perefyumu. Misheck adanena kangapo kuti malo alipo ku kampani kwawo, alamu angoti inde.

"Bambo a Pamela," amatero mayiwo, "anzanu akabwera kuntchito ana amawathamangira. Inu amakuthamangirani ndi agalu a m'Kawale muno."

"Agaluwo amandiona tsiku lililonse, make Pamela. Ana a Misheck amaona bambo awo pa foni."

Koma nkhani ya ku Beira sidali yongoseka. Lole si ya a Kanyerere, ndi ya mayi wina wa ku Area 25, ndipo mayiyo adanena poyera kuti tsiku lomwe mabucha a ku Biwi adzaleke kuihaya, loleyo ikayamba kututa mchenga. Ndipo mabucha a ku Biwi, makamaka achinyamata, adali atayamba kale kuyang'ana lole ina yatsopano, yaitali ndi yaliwiro. Amene ankawaletsa adali munthu mmodzi, Che Adamu, nkhalamba ya ku Mangochi yomwe idayamba kudula nyama m'tauni muno anyamatawo asanabadwe.

Che Adamu sankachulutsa mawu. Mabucha onsewo ndi Asilamu, ndipo makasitomala awo amagula nyama podziwa kuti idazingidwa ndi Msilamu ili yamoyo, dzina la Mulungu litatchulidwa. Ng'ombe yofa yokha ndi haramu, ya agalu. Yofooka panjira, ikapeza Msilamu woizinga isanatsirizike, imeneyo siyofa, ndi nyama yofika msanga. Padali dalaivala wina kale yemwe adadula khosi la ng'ombe itafa kale nabwera nayo akumwetulira. Che Adamu adangoyang'ana pakhosi, ndipo dalaivalayo lero amatuta njerwa ku Chinsapo. Tsono anyamata akayamba za lole yatsopano, nkhalambayo inkangoti: "M'lole ya Che Gilifodi simunaferepo ng'ombe. Ndipo Che Gilifodi sananamepo. Tsiku lomwe chimodzi cha ziwirizi chidzachitike, hayani yanuyo."

Ntchito yonse ya a Kanyerere, ndi kugona kwawo ku Kawale, zidatsamira pa mawu amenewo.

Tsiku lomwe tikunenali lidali la mu Okutobala, mwezi womwe phula limafewa. Adapakira ng'ombe za mabucha aja mamawa cha ku Kasungu, iliyonse yomangidwa chingwe ku zitsulo za m'mbali, pansi atathira mchenga ndi udzu kuti zisaterereke. Pamwamba pa zitsulo padakhala a Yona, mkulu wouma ngati chikuni yemwe wakhala akuyenda ndi a Kanyerere kuyambira kale. Ntchito yawo ndi kuona kuti pasapezeke ng'ombe yogona, pakuti yogona m'lole zinzake zimaiponda. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chitseko, adaikako ng'ombe yofula yofiira, yonenepa koposa zonse, ya Che Adamu mwini wake. Idayenda mtunda wautali dzulo lake pobwera kumsika, ndipo a Kanyerere sadakonde kapumidwe kake. Adati palibe kanthu, dzuwa lisanafike paliwombo akhala atafika.

Atangopitirira Lumbadzi adaona tenti, mbendera zing'onozing'ono, ana asukulu pamzere, amayi ovina ndi ng'oma zawo, ndi munthu wa jekete ndi tayi ataima pakati pa msewu, dzanja lili m'mwamba. Kutsogolo kwawo kudali malole ena awiri a ng'ombe, opanda chikwangwani. Adadutsa osaimitsidwa. Munthu wa tayiyo adaona chachikasu chija patali, nkhope yake n'kuwala.

"Bambo, tikuthokozeni kwambiri," adatero atafika pazenera. Adali munthu wa zaka zapakati, woonda, waulemu wochuluka. "Ndine Ashraf, mlembi wa Komiti. Chiyambire m'mawa tikufuna galimoto yotsata malamulo, ndipo ndinu nokha. Lero tikutsegula Malo Opumira Ziweto. Ng'ombe zanu zikhala zoyamba kupuma."

"Zikomo bwana, koma sizinatope kwenikweni. Zikufuna kufika."

"Ndi kanthawi kochepa. Mlendo wolemekezeka wanyamuka kale."

A Kanyerere adakumbukira kuti ndi mkulu wa mpingo, ndipo adakhota. Adawabwezetsa chambuyo mpaka chitseko cha lole chidagunda chotsikira cha simenti, chatsopano, chokongola ndithu. M'munsi mwa chotsikiracho adamangamo riboni yofiira. Kuseri kwa riboni kudali chomwera chachitali chodzaza madzi mpaka m'milomo, ndi mpopi wonyezimira kumutu kwake. Mthunzi nawonso udalipo monga mwa lonjezo: mitengo yofika m'maondo, uliwonse utatchingidwa ndi njerwa kuopa mbuzi. Asanazimitse n'komwe injini, galimoto za akuluakulu a Komiti zidayamba kufika, n'kuima kutsogolo kwa lole, ina pambuyo pa inzake, madalaivala ake n'kupita kukafuna chiwaya.

Mlendo wolemekezeka adali atanyamukadi. Kumene adanyamukira ndi kumene adalowera, palibe adanena.

Ana asukulu adaimba nyimbo zawo zonse, n'kuyambiranso. Dzuwa lidakwera. A Kanyerere adapita kwa mlonda wa pachomwera ndi ndowa yawo.

"Pepani madala, andiuza kuti asamwe aliyense mpaka adule riboni."

Adapita kwa Ashraf. Iye adapita kwa wapampando wa Komiti, mkulu wa thupi yemwe ankadzikupiza ndi pologalamu m'tenti, nabwerera ndi yankho lomwe adalinena maso ali pansi. Ng'ombe zikamwa tsopano, sizikamwa pa nthawi ya zithunzi. Ludzu lawo linali mbali ya mwambo.

A Kanyerere adavomereza kuti mfundoyo, poiona monga mfundo, idalibe poigwira. Adathira pamutu pa yofiira ija madzi omwe adatsala m'chigubu chawo cha injini, napempha kuti galimoto zisunthe. Adauzidwa kuti madalaivala akubwera.

"A Kanyerere!" A Yona adakuwa kuchokera pamwamba. "Yagona!"

A Kanyerere adakwera. Yofiira ija idali pansi, khosi litatambasuka pa udzu, lilime kunja, nthiti zikukwera ndi kutsika mofulumira. Adaipotoza mchira. Adaimenya pambali ndi chikhatho, naiitana maina onse omwe amaitanira ng'ombe ku Nambuma. Idangotembenuza diso. A Kanyerere diso limenelo adalidziwa. Ngakhale akadaimwetsa chomwera chonse, ku Biwi sikadafika ndi miyendo yake.

A Yona adatsika pachitsulo, nanong'ona. "Mpeni uli pansi pa mpando. Tiitembenuze iyang'ane kumpoto, mawu aja ine ndimawadziwa, ndawamva kokwanira. Bisimilayi, basi. Ikadali yamoyo, magazi atuluka bwinobwino. Che Adamu akaona pakhosi sakadziwa."

"Akandifunsa kuti wazinga ndani?"

"Mudzati Msilamu wina wa panjira. Panjira pali anthu ambiri."

"A Yona, inu mudabatizidwa ku Nambuma, ine ndili pomwepo. Mwalowa liti Chisilamu?"

"Ndiye mukufuna mchenga? Ine msana wanga wa fosholo ndilibe."

A Kanyerere adatsika, napukuta manja m'ovolosi, nayenda mpaka pakati pa bwalo. Mawu omwe amalengezera za chopereka m'tchalitchi chopanda maikolofoni adawatulutsa onse.

"Pepani anthu a Mulungu! Kodi pano pali Msilamu?"

Kwaya idaleka. Amayi ovina adayang'anana. Kumeneko ndi kwa Achewa a mpingo ndi a gule, ndipo Msilamu yekhayo amene anthu adamukumbukira adali telala wa pa Lumbadzi, yemwe adapita kwawo ku Salima. Wina adati aimbire foni ku mzikiti wa m'tauni. A Kanyerere adayang'ana dzuwa, nayang'ana lole, ndipo adadziwa kuti ng'ombeyo sidikira minibasi.

Adazungulira kuseri kwa kanyumba ka ofesi kuti aganize popanda ng'oma. Kumeneko adapeza nsapato zakuda zopolishidwa, masokosi atapindidwa bwino m'kati mwake, ndi jekete lopachikidwa pa zenera. Mwini wake adanjuta pa njerwa, kabotolo ka madzi kali m'manja, akusamba kumaso, m'mikono ndi kumapazi, mwadongosolo, monga achitira munthu wokonzekera kuswali.

A Kanyerere adaima mwaulemu mpaka phazi lachiwiri litatha.

"Bwana Ashraf. Ndinaitana Msilamu pabwalo paja."

"Ndinamva, bambo," adatero mlembiyo, osawayang'ana. "Koma pano ndabwera ngati Komiti."

"Komiti ikasamba mapazi chonchi, ine ndiipempha Komitiyo indizingire ng'ombe."

"Simukumvetsa. Pologalamu ilibe zimenezo. Mwaona nsalu yomwe tapachika patenti? Talemba kuti palibe chiweto chidzaferenso panjira. Ndiye tsiku lotsegula lomwe, mlembi agwire mpeni?"

"Nsaluyo ndaiwerenga, ndi yabwino. Tsono tamvani, bwana. Ng'ombe ija ikufa, Komiti ifune isafune. Ikafa yokha ndi mtembo, ndipo ine mtembo sindinyamula. Ndiutsitsa pachotsikira chanu chija, pafupi ndi riboni, mlendo adzaulumphe. Koma ikazingidwa ndi nyama, ndipo nyama ndi katundu wanga, ndichoka nayo. Musankhe chomwe mukufuna chikhale pa chithunzi."

Ashraf adayang'ana masokosi ake, nafunsa, ndi mawu ena, osakhala a muofesi: "Ikuphethira?"

"Ikuphethira."

"Mpeni wanu ndi wakuthwa? Ndione. Wobuntha sindigwira, n'kuzunza chinyama."

A Kanyerere atabwera nawo, Ashraf adauyesa pa chikhadabo, napukusa mutu, naunola pa simenti ya khonde la Komiti, uku ndi uku, dzanja likuyenda lokha. Adavula tayi naipinda m'thumba. Bambo ake, adatero akunola, ndiwo ankazingira mudzi wonse kwawo ku Nkhotakota, pa ukwati, pa sadaka, ngakhale Akhristu ankawaitana kuti alendo onse adye nawo. Iye ankagwira miyendo, kenaka adayamba kugwira mpeni, kenaka adakhoza mayeso.

Amuna a m'mudzi wapafupi sadachite kupemphedwa kawiri. Adatsegula chitseko, namanga zingwe, nakokera yofiira ija pa lona kutsika nayo pachotsikira. Atafika pa riboni onse adaima. A Yona, omwe sadalemekezepo chinthu chiyambire, adagwira riboniyo ndi zala ziwiri, naikweza m'mwamba mosamala, ng'ombe n'kudutsa pansi pake. Malo Opumira Ziweto adakhalabe osatsegulidwa.

Kuseri kwa ofesi adaigoneka cha kumanzere, nkhope kuloza kumpoto, komwe Asilamu amayang'ana poswali. Ashraf adauza ana kuti achoke, nabisa mpeni kumbuyo kuti ng'ombeyo isauone. Adaithira m'kamwa madzi omwe adatsala m'kabotolo kake, naisisita pamphumi. Idaphethira. Adatchula dzina la Mulungu, ndipo dzanja lidadutsa kamodzi. Magazi adathamanga, miyendo idaphupha mwamphamvu, ndipo a Kanyerere, omwe adaigwira nyanga, adamva mphamvuyo m'mapewa mwawo nauza mtima wawo kuti usunge zimenezi, akazifuna madzulo.

A Yona adayamba kutumbula msangamsanga kuopa dzuwa. Ashraf adawathandiza osapemphedwa, mpaka pomwe kulira kwa mahutala kudamveka kumsewu. Apo adaweramuka, nadziyang'ana. Malaya ake oyera adali atasanduka a bucha.

Wapampando adasuzumira kuseriko, naona zonse, natseka maso pang'ono ngati munthu wopemphera. "A Ashraf, musaoneke kutsogolo. Ndipo ichi chivindikireni." Adabwerera kukalandira mlendo.

Mwambo udayenda bwino kwambiri. Riboni idadulidwa. Ng'ombe zotsalazo zidatsika, ndipo zidathamangira chomwera ndi changu chomwe chidakondweretsa ojambula onse. Wapampando adaona kuti mfundo yake ya ludzu yatsimikizika. Mlendo wolemekezeka adaika dzanja pa mpopi, akumwetulira, ndipo adapemphedwa kuti angoligwiritsa pomwepo osapotokola, chifukwa cha kuwala kwa dzuwa pa chithunzi. M'mawu ake adati kuyambira tsiku limenelo mbiri ya ng'ombe m'dziko muno yasintha, ndipo palibe chiweto chidzaferenso panjira. Adaitanitsa dalaivala wachitsanzo kuti amugwire chanza. A Kanyerere adapereka dzanja lomwe adali atangolitsuka ndi mchenga, ndipo mlendoyo adalisiya msanga.

Nyama adaikweza m'kachipinda ka kutsogolo kwa bodi, momwe amaikamo mbuzi, naiphimba ndi masamba ndi lona. Pomwe ankamanga chitseko, Ashraf adabwera, jekete lili pamkono, bolopeni ili m'manja. Udindo udali utamubwerera.

"Bambo, ndiyenera kukudziwitsani kuti malamulo a malo ano saloleza kupherapo chiweto. Wolakwa amayenera kulembedwa dzina."

"N'zoona bwana, lamulo ndi lamulo. Wazinga ndani?"

Mlembiyo adaganiza, nabweza bolopeni m'thumba. Popeza galimoto ya Komiti sikadamunyamula ndi malaya amenewo, adakwera kutsogolo kwa lole, pakati pa a Kanyerere ndi chigubu chopanda madzi.

Dzuwa lidali litapendeka pomwe adafika kophera nyama. Mabucha a ku Biwi adali atadikira mpaka nthabwala zidawathera. Che Adamu adakhala pa benchi, kofia ili pamutu, ndodo ili pakati pa miyendo. Ng'ombe zidatsika imodziimodzi, aliyense akulozera yake. Yofiira sidatsike.

"Ehee!" adatero Musa, mmodzi wa mabucha achinyamata, yemwe nambala ya lole yatsopano adali nayo kale m'foni. "Madala, lero ndiye lero. Yofiira yatsikira panjira kukagula maunitsi?"

A Yona adavundukula lona. Anthu adasonkhana. Che Adamu adadzuka pang'onopang'ono, nafika, naweramira pakhosi. Adayang'ana nthawi yaitali, nakhudza ndi chala, nayang'ananso mtundu wa nyama. Kenaka adatembenukira kwa a Kanyerere.

"Che Gilifodi. Yafa kapena yazingidwa?"

"Yazingidwa, Che Adamu. Ikuphethira, ndipo inaphupha miyendo, nyanga ndinagwira ndine."

"Wazinga ndani?"

"Msilamu. Anasamba ine ndikuona."

"Basi."

"Basi bwanji?" adatero Musa. "Msilamu wake uti? Ali ndi dzina? Panjira aliyense akhoza kuvala kofia."

Chitseko cha lole chidatseguka, ndipo Ashraf adatsika, magazi atauma pa malaya, nsapato zikuwalabe. Adapereka salamu, onse nayankha. Adakonza pakhosi kuti apereke umboni wake mwadongosolo, kuyambira dzina ndi udindo, koma Che Adamu adakweza dzanja.

"Umboni ndamva kale, bambo. Ndafunsa mwini lole ndipo wandiyankha. Inu ndikufunsani china. Dzanja ili mudalitenga kuti? Kudutsa kamodzi, osabwereza. Anyamata angawa amacheka ngati akudula matabwa ku Mchesi."

"Kwa bambo anga, ku Nkhotakota."

"Ndiye mukutaya nthawi ndi chiyani masiku ano?"

"Ndine mlembi wa Komiti Yoona za Ulemu wa Ziweto Paulendo."

"Pepani," adatero Che Adamu mochokera pansi pa mtima. "Musa, apatse madzi ndi sopo alendowa. Ndipo ufufute nambala ija."

Dokotala wa ziweto adabwera, nayeza chiwindi ndi mapapo, nadinda. Asanachoke, mabucha adapangana ndi a Kanyerere za ulendo wa sabata yotsatira.

Ku Kawale agalu adawalandira monga mwa masiku onse. Mayi Jenifer adamva nkhani yonse ataima pakhomo, manja atapinda, osadula mawu, zomwe sizichitikachitika. Atamaliza, mayiwo adati Misheck waimba foni: ali pa boda, mapepala a feteleza asokonekera, ndipo akupempha kuti wina akaone mwana wake yemwe wadwala ku Area 23.

"Feteleza safa," adatero a Kanyerere.

"Ndamva, abusa. Kasambeni."

M'mawa mwake adapeza waya wa pamwamba pa galasi atamasulidwa. Mayi Jenifer adati munthu amene wamvera boma kamodzi wakwanitsa mbali yake, ndipo lata labwino chotero silingamangoyenda pamsewu kuitana mavuto. Lero chikwangwanicho ndi chitseko cha khola lawo la nkhuku, ndipo zomwe chimanena n'zoona. A Kanyerere akupitiriza kudutsa pa Lumbadzi ndi ng'ombe za ku Biwi, a Yona ali pamwamba, ndipo palibe amawaimitsa. Ashraf akadali mlembi, koma Loweruka lina amaoneka kophera nyama, tayi ili m'thumba.

Komiti, mu lipoti lake la pachaka, idati Malo Opumira Ziweto adatsegulidwa mwapamwamba, kuti ng'ombe zonse zomwe zidafikapo zidamwa mokhutira, ndipo kuti malo ena otere amangidwa m'misewu yonse yolowa mu mzinda, aliwonse ndi mpopi wake.

Madzi a tsiku lija adatunga ndi amayi ovina, pa mjigo wa kusukulu. Mpopiwo sudalumikizidwe ku paipi iliyonse.